Mafupa asanu a m'chiuno mwa amayi

Mwezi wa June chaka chatha m'nyumba mwanga ku Lilongwe munagona maenvelopu awiri a kuchipatala, onse a khaki, onse muli zithunzi za msana. Ina inali ya amayi, amene anabwera kuchokera kumudzi kwathu cha ku Lirangwe atangomaliza kukolola, chiuno chitawakanika. Inayo inali ya achimwene anga aakulu, amene anaterereka padenga akukhoma malata, ndipo anawajambula pofuna kuona ngati pena pathyoka. Mwamwayi sipanathyoke.

M'mawa wina tikumwa tiyi, achimwene anasolola chithunzi chawo nachigwira pazenera kuti amayi aone. Amayi nawo anati, "Iwe, tanditengera changacho ndifanizire." Ndinagwira zithunzi ziwirizo moyandikana, dzuwa likuwala kumbuyo kwake, ndipo tonse tinangoti chete.

Mafupa anali amodzimodzi. Pa chithunzi chilichonse panali timabokosi 5 tosanjikizana ngati njerwa, kuyambira pamene nthiti zathera mpaka pamene msana wakhazikika pa fupa la chiuno. Koma njerwa za achimwene zinali zotambalala, zamakona oongoka, zotalikirana bwino. Za amayi zinali zazing'ono, zotuwa, m'mbali mwake mutamera timilomo, ndipo yapamwamba kwambiri inali itaphwanyika kutsogolo ngati mkate umene mwana waukhalira. Amayi ndi aafupi, sakwana mita imodzi ndi theka, ndipo tsiku limene anawakweza pa sikelo kuchipatala anali ndi makilogalamu 46. Achimwene anatengera bambo, ndi chimunthu cha mita 1.83 ndi makilogalamu 88.

Amayi anayang'anitsitsa kwa nthawi, kenaka anagunda chithunzi chawo ndi chala. "Ndiye tinthu timeneti ndi timene tandisenza zaka zonsezi?"

Funso limeneli landiyendetsa chaka chathunthu. Ndafunsa madokotala, ndawerenga, ndipo pa Khrisimasi tikupha mbuzi ndinachita kupempha anyamata kuti andisungire msana wake osaudula.

Munthu ali ndi mafupa a msana 33. M'khosi muli 7, pachifuwa pamene pagwira nthiti pali 12, m'chiuno muli 5, ndipo otsalawo anagwirana n'kupanga fupa limodzi la kumatako ndi kamchira kake. Asanu a m'chiunowo madokotala amawatchula ndi chilembo L, kuyambira L1 pamwamba mpaka L5 pansi. Pa mafupa onse a msana amenewa ndiwo aakulu, ndipo amanka nakula mukamatsika. Chifukwa chake sichovuta kumva. Fupa la m'khosi limasenza mutu wokha. L5 imasenza mutu, mikono, chifuwa, mimba ndi chilichonse chimene mwanyamula, kuposa theka la kulemera kwa thupi lonse. Mwa munthu wamkulu fupa limodzi la m'chiuno limatambalala masentimita 4 mpaka 5, ndipo msinkhu wake ndi pafupifupi masentimita 3 kapena kucheperapo. Pakati pa fupa ndi fupa pali disiki, kakhushoni kolimba kunja, kofewa ndi kamadzi mkati, kokhuthala pafupifupi sentimita imodzi.

Msana wa mbuzi ndinauwiritsa mpaka nyama yonse inayoyoka. Ndinadula fupa limodzi ndi mpeni wochekera zitsulo. Kunja kwake kuli kakhungu kopyapyala kolimba, koma mkati muli mabowo okhaokha ngati chisa cha njuchi, timizati tating'onoting'ono tolukanalukana. Ndinadabwa kupepuka kwake. Mphamvu ya fupa loterolo imachokera pawiri: kuthinana kwa timizati ta mkatimo, ndi kukula kwa pamwamba pake pamene katundu amakhalira. Chachiwirichi ndicho chimene tinkaona pazenera paja. Katundu yemweyo akakhala pa malo otambalala amagawikana, akakhala pa malo opapatiza amaboola. Aliyense amene anayendapo m'matope a m'dimba atavala nsapato ya gogoda akudziwa zimenezi.

Dokotala amene ankaona amayi, bambo wodekha amene sankathamangitsa odwala, anandichenjeza kuti X-ray imakuza zinthu pang'ono, makamaka pa munthu wojintcha amene msana wake umatalikirana ndi filimu. Koma anati ngakhale mutachotsapo zimenezo, kusiyana kumene tinaonako ndi kwenikweni. Munthu wamtali, wamafupa aakulu, amakhala ndi mafupa a m'chiuno aatali ndi otambalala. Msinkhu wa fupa umatsata kutalika kwa munthu, pamene kutambalala kwake kumatsata kwambiri kulemera ndi minofu imene munthuyo anakula nayo.

Mgwirizano umenewu ndi wodalirika moti akatswiri ofufuza mitembo amaugwiritsa ntchito. Mu 1956 dokotala wa ku France, Georges Fully, amene anagwira ntchito yozindikira anthu ophedwa ku ndende ya Mauthausen pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, anafalitsa njira yodziwira msinkhu wa munthu pophatikiza muyezo wa chigaza, mafupa a msana ndi a mwendo. Ku Johannesburg, pa yunivesite ya Witwatersrand, kuli mafupa a anthu oposa 2,000 amene ophunzira amayezerapo zoterezi, ambiri mwa iwo anthu amene anamwalira m'zipatala popanda wachibale wodzatenga mtembo. Ndikamva zimenezi ndimakumbukira amalume awo a amayi, amene anapita ku Wenela osabwerako, ngakhale kalata. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Pali chinthu china chimene chinandisokoneza poyamba. Tengani njerwa imodzi. Mukafuna kuumba ina yaikulu kawiri mbali zonse, m'litali, m'lifupi ndi msinkhu, mufunika dothi la njerwa 8. Koma pansi pake pokhalira pakula ka 4 kokha. Ndiye kuti malo alionse a pansipo akusenza kawiri kuposa kale. Katswiri wa sayansi wa ku Italy, Galileo, analemba zimenezi mu 1638, najambula fupa la nyama yaing'ono pambali pa fupa limene nyama yaikulu ingafunike, lonenepa mochititsa mantha. N'chifukwa chake mwendo wa njovu ndi mzati pamene wa gwape ndi ndodo. Ndinaganiza kuti ngati zili choncho, ndiye achimwene ndiwo ali pa mavuto, osati amayi. Koma munthu wamtali si munthu wamfupi wofufumitsidwa mbali zonse. M'zaka za m'ma 1830 katswiri wa masamu wa ku Belgium, Adolphe Quetelet, anaona kuti kulemera kwa anthu akuluakulu kumakwera motsata msinkhu wochulukitsidwa ndi msinkhu womwewo, osati katatu ngati njerwa ija. Pamenepo ndi pamene panachokera BMI, muyezo wofanizira kulemera kwa munthu ndi msinkhu wake, imene anamwino amatiwerengera kuchipatala. Kwa ine izi zikutanthauza kuti thupi limadziwa kudziyezera lokha. Likamakula, limamanga maziko olingana ndi nyumba yake. Wamtali ali ndi maziko ake, wamfupi ali ndi ake, ndipo palibe amene anamanidwa.

Vuto limabwera pamene nyumba yasintha maziko atauma kale.

Fupa ndi chinthu chamoyo. Dokotala wa ku Berlin, Julius Wolff, anafotokoza mu 1892 kuti fupa limadzikonza molingana ndi katundu amene limakumana naye: mukaligwiritsa ntchito limalimba, mukalisiya limafooka. Anthu opita m'mlengalenga, kumene kulibe kulemera, amataya mphamvu ya mafupa mwezi ndi mwezi. Koma kumvera kumeneku n'kwakukulu pa ubwana ndi pa unyamata. Munthu akamafika zaka za m'ma 25, mafupa a msana amakhala atamaliza kukula. Pambuyo pake amatha kutambalala pang'onopang'ono ndi ukalamba, makamaka mwa abambo, koma sangathamangire sikelo.

Kumpoto kwa dziko la Finland akhala akutsatira anthu oposa 12,000 amene anabadwa mu 1966, kuyambira ali m'mimba mpaka lero. Atafika zaka 46, ofufuza a ku yunivesite ya Oulu anajambula misana ya anthu oposa 1,000 mwa iwo ndi makina a MRI, nayeza fupa la L4. Anapeza kuti kukula kwa thupi pa ubwana ndi pa unyamata kumaonekabe pa fupalo munthu ali wamkulu, ndiponso kuti amayi amene ankachita masewera othamanga ndi odumpha anali ndi mafupa otambalala kuposa anzawo. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba, ndipo pa nkhani ya msana mawu amenewa mungathe kuwayeza ndi rula.

Apa ndiyenera kunena za ine. Ndinatengera amayi, ndine wa mita 1.52. Tsiku la ukwati wanga ndinali ndi makilogalamu 50. Lero ndili ndi 79. Makilogalamu 29 amenewa anabwera pang'onopang'ono, ndi ana, ndi mpando wa mu ofesi, ndi minibasi imene inalowa m'malo mwa miyendo. Ndikapita kumudzi amandilandira ndi chimwemwe: "Koma ndiye muli ndi thupi! Banja lakuyanjani." Sindiwadzudzula. Ife amene tinakula m'zaka za m'ma 1990 tikukumbukira chimene kuonda kunkatanthauza, momwe anthu ankanong'onezana munthu akangotsika thupi. Kunenepa kunali umboni woti uli moyo. Koma mafupa anga 5 a m'chiuno anamangidwa pa mtsikana wa makilogalamu 50 uja. Ali ngati nkhokwe imene mphanda zake anadulira ngolo ziwiri za chimanga, kenaka mwini wake n'kuthiramo zitatu.

Ndipo mafuta a pamimba sangokhala katundu wamba. Nyamulani ndowa yodzaza mutaikumbatira pachifuwa, kenaka muinyamule mikono itatambasuka kutsogolo, mumva kusiyana kwake m'chiuno. Minofu imene imaongola msana ili pafupi kwambiri ndi mafupa, masentimita ngati 5 okha kumbuyo kwa disiki. Katundu akakhala kutali kutsogolo, minofu imeneyi imayenera kukoka mwamphamvu kangapo kuti munthu asagwe chafufumimba, ndipo kukoka konseko kumapanikiza mafupa ndi madisiki omwewo. Mimba yotsogola ndi ndowa imene simuitula ngakhale pogona.

Pamene ndinazindikira bwino kuti thupi langa lakula koma msana sunasinthe ndi m'chipinda cha opaleshoni. Ana anga awiri onse anabadwa pong'amba. Pa woyamba, dokotala wogonetsa anthu anandikhazika tsonga, nati, "Mayi, pindani msana ngati mphaka." Anagwira nsonga za mafupa a chiuno mbali zonse ziwiri, nayendetsa chala pakati, ndipo jakisoni analowa kamodzi. Pa wachiwiri, patapita zaka 9, zala zinayendayenda nthawi yaitali zikufufuza. Ndinamva akuuza namwino kuti abweretse singano yaitali. Pambuyo pake ndinaphunzira chimene ankafuna. Mzere wolumikiza nsonga ziwiri za chiuno umadutsa pafupi ndi L4. Chingwe chachikulu cha mitsempha ya msana chimathera pa L1 kapena L2 mwa munthu wamkulu, ndiye m'munsi mwake singano imalowa bwino osachilasa. Kampata ka pakati pa mafupa kanali pomwe kanali kale, kukula kwake komweko. Chimene chinasintha ndi mtunda wochokera pakhungu kukafika pamenepo.

Ndinene pano, poti amayi ambiri amakhulupirira kuti jakisoni wa pamsana ndiye amayambitsa chiuno cha moyo wonse: pamalo pobayapo pamatha kupweteka masiku angapo, koma kafukufuku sanapeze kuti jakisoniyu amasiya kupweteka kokhalitsa. Mimba, kubereka, ndi kuweramira mwana usana ndi usiku n'zokwanira kufotokoza zambiri za ululuwo. Mayi asakane thandizo lopulumutsa moyo chifukwa cha mphekesera imeneyi.

Tsono pali katundu wa kunja, ndipo apa ndi pamene mtima wanga umawawa. Thupi limayeza mafupa molingana ndi mwini wake, koma dziko siliyeza katundu molingana ndi womunyamula. Thumba la chimanga ndi makilogalamu 50. La fetereza ndi 50. La simenti ndi 50. Ndowa ya malita 20 ndi makilogalamu 20, kaya akuisenza ndi achimwene kaya ndi amayi. Kwa achimwene ndowayo sikwana gawo limodzi mwa magawo 4 a thupi lawo. Kwa amayi ipitirira magawo 40 pa 100 alionse. Ndipo mwa awiriwa, amene wasenza ndowa tsiku lililonse kwa zaka zoposa 60 si achimwene.

Mu 1999 gulu la ofufuza a ku Germany lotsogoleredwa ndi Hans-Joachim Wilke linaika kachipangizo koyezera mphamvu mkati mwa disiki ya pakati pa L4 ndi L5 ya munthu wamoyo, bambo wa zaka 45 wolemera makilogalamu 70. Atagona chagada, muyezo unali 0.1 MPa (MPa ndi muyezo wa mphamvu yopanikiza). Ataimirira, 0.5. Atanyamula katundu wa makilogalamu 20 ali chowerama, msana uli khotekhote, unakwera kufika 2.3, pafupifupi ka 10 kuposa mpweya wa mu tayala la galimoto yaing'ono. Katundu yemweyo atamugwira pafupi ndi thupi, muyezo unali 1.1. Anali bambo wa thupi lapakatikati, wa disiki yathanzi. Ndikawerenga manambala amenewa ndimaona amayi pa mjigo, akuwerama kukoka ndowa kuchokera pansi, kuikweza pa bondo, kenaka pamutu. Ku America bungwe loona za chitetezo cha anthu pa ntchito, NIOSH, linaika makilogalamu 23 ngati malire a katundu woyenera kunyamulidwa, ndipo apo ndi pamene zonse zili bwino, katundu ali pafupi ndi thupi, munthu osapotoka. Anyamata a ganyu amene amatsitsa matumba m'malole m'misika yathu amanyamula kuposa kawiri pamenepo, akuthamanga, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Ena mwa iwo ndi ana a zaka 16, owonda ngati bango.

Kusenza pamutu kuli ndi nzeru yake, ndipo sindikufuna kuinyoza. Katundu akakhala pa nkhata amatsika molunjika ndi msana, sakoka kutsogolo. Mu 1986 ofufuza ku Kenya anapeza kuti amayi a mitundu ya Luo ndi Kikuyu amene anawayeza ankatha kusenza katundu wofika magawo 20 pa 100 a thupi lawo popanda kugwiritsa ntchito mphamvu yoonjezera, ndiponso kuti ena ankasenza mpaka magawo 70. Kafukufuku wina wa pambuyo pake, pa amayi achiXhosa ku South Africa, anasonyeza kuti si onse amene ali ndi mwayi umenewo, ndipo ambiri anadandaula za khosi. Koma onani nambala ija: magawo 20 pa 100. Kwa amayi anga amenewo ndi malita 9. Ndowa yotere kwathu timapatsa mwana wa sitandade 2.

Chimene sindinkadziwa n'komwe ndi chakuti ngakhale mwamuna ndi mkazi atalingana msinkhu ndi kulemera, mafupa awo a m'chiuno salingana. Vicente Gilsanz ndi anzake ku Los Angeles anayeza zimenezi mu 1994 ndipo anapeza kuti pamwamba pa fupa la msana la mkazi ndi pocheperapo ndi magawo pafupifupi 25 pa 100, pamene kuthinana kwa mkati n'kofanana. Kusiyanaku kumaoneka ngakhale mwa makanda ongobadwa kumene. Mkazi akasiya kusamba, timizati ta mkati tija timayamba kuonda mofulumira, ndipo fupa limene linali laling'ono kale limafika msanga poti silingathenso. Njerwa yophwanyika ya amayi, L1, inafika pamenepo. Dokotala anawafunsa kuti, "Agogo, munagwapo?" Amayi anati ayi, anangomva kuti thi tsiku lina akutula mtolo wa nkhuni, nagona masiku 4, kenaka anadzuka chifukwa mbewu sizikanadikira.

Koma msana wa mkazi uli ndi luso lakenso, ndipo nditaliwerenga ndinamva kunyada. L5 si bokosi loongoka, ndi yaitali kutsogolo ndi yaifupi kumbuyo, ngati mphero yong'ambira nkhuni. Maonekedwe amenewa ndi amene amapanga kupindika kwa m'chiuno kumene kumatilola kuima njo ndi miyendo iwiri. Mu 2007 Katherine Whitcome, Liza Shapiro ndi Daniel Lieberman anasonyeza kuti mwa amuna mafupa oterewa amakhala 2, pamene mwa akazi amakhala 3. Mayi woyembekezera akamakankhira mapewa kumbuyo, dzanja lili m'chiuno, kupindikako kumagawikana pa mafupa 3 m'malo mwa 2. Anapeza chizindikiro chomwechi pa mafupa a cholengedwa chakale chofanana ndi munthu chimene Robert Broom ndi John Robinson anafukula ku Sterkfontein, pafupi ndi Johannesburg, mu 1947, chimene chinakhalako zaka zoposa 2 miliyoni zapitazo. Msana wa mkazi unakonzekera katundu wa m'mimba kuyambira kalekale. Thumba la fetereza ndiye sunalikonzekere.

Pali mbali imodzi ya fupa la msana imene siyendera limodzi ndi kukula kwa thupi, ndipo imeneyi ndi imene yandisowetsa tulo. Kumbuyo kwa njerwa iliyonse kuli bowo. Mabowowo akasanjikizana amapanga ngalande imene mitsempha yopita kumiyendo imadutsamo. Pa msana wa mbuzi uja ndinapisamo chala. Ngalande imeneyi mwa munthu imakula msanga kwambiri. Kuya kwake, kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, kumafika pa muyezo wa munthu wamkulu mwana asanapitirire zaka 5, ndipo mbali yaikulu ya ntchitoyo imachitika m'mimba ndi m'chaka choyamba. Dokotala wa mafupa wa ku Britain, Richard Porter, ndi anzake anasonyeza kuti mwana akapinimbira pa nthawi imeneyo, ngalandeyo imatha kutsala yopapatiza, ndipo ngakhale adzadye bwino pambuyo pake, iyo sibwezeretsa. Munthu amatha kukula, kunenepa, kukhala wamphamvu, koma ali ndi ngalande ya mwana wanjala. Zaka zikapita, madisiki akaphwa, timilomo tikamera, malo amene anali ochepa kale amatha, ndipo mitsempha imapanikizika.

Amayi anabadwa mu 1949, chaka cha njala yaikulu imene inakantha kwambiri madera a Blantyre. Agogo ankasimba kuti anawayamwitsa iwo eni akudya mizu ndi gaga. Lero amayi akamapita kutchalitchi, mtunda umene kale ankauyenda osapuma, amaima katatu. Amati miyendo imachita dzanzi ndi kulemera ngati yamangiriridwa miyala. Akakhala pansi kapena kuweramira ndodo kwa kanthawi, imamasuka. Dokotala atamva zimenezi anagwedeza mutu, nati kuwerama kumatsegula ngalande pang'ono, n'chifukwa chake agogo otere amatha kupalira tsiku lonse koma osatha kuima mowongoka pa mzere wa kuchigayo. Ine ndimakhulupirira kuti chaka chimene anabadwacho chili m'kati mwa nkhani imeneyi.

Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka 5 m'Malawi ndi opinimbira. Mu 2010 anali 47. Tikamakamba za kupinimbira timakamba za msinkhu ndi za nzeru za m'kalasi, ndipo n'zoona. Koma mwana aliyense mwa amenewo akumanganso mafupa 5 amene adzamusenze mpaka ku ukalamba, ndipo ambiri mwa iwo adzakhala alimi, osenza madzi, a kabaza, onyamula matumba. Amene anapatsidwa zomangira zochepa ndi omwewo amene adzasenze katundu wolemera kwambiri. Phala la soya ndi nsinjiro, dzira, usipa wosinja, mkaka wa m'mawere: kwa ine tsopano zimenezi ndi nkhani ya msana.

Ndisasiye chithunzi cholakwika. Fupa laling'ono si matenda, ndipo munthu wamfupi sanalembedwe kuti adzadwala chiuno. Bungwe la WHO limati mu 2020 anthu 619 miliyoni padziko lonse anali ndi ululu wa m'chiuno, aatali ndi aafupi omwe, ndipo mwa ambiri a iwo palibe chinthu chimodzi chooneka pa chithunzi chimene mungachiloze kuti ndicho gwero. Alipo anthu a madisiki okutha amene samva kanthu, aliponso a chithunzi choyera amene sagona. Ntchito nayo si mdani. Mwana amene amathamanga, kudumpha chingwe, kusewera fulaye ndi kusenza kandowa kolingana naye akumanga msana wabwino kuposa amene amangokhala pa foni. Ofufuza a ku Oulu aja atafanizira mafupa a anthu a ku Ulaya a zaka mazana angapo zapitazo ndi a anthu a lero, anapeza kuti mafupa a msana a lero ndi aatali koma opapatiza. Ndipo ululu wa msana umene ukubwera ndi kuonda, kutuluka thukuta usiku, kufooka kwa miyendo, kapena kulephera kugwira mkodzo si wa ndowa ayi. Ukhoza kukhala TB ya msana kapena vuto lina lofuna chipatala tsiku lomwelo, osati kutemera mphini.

Kwa ine ndayamba kuyenda pansi kuchokera pa siteji ya patali, ndipo nsima ya usiku ndachepetsa. Makilogalamu 6 achoka. Chiuno chikadalipo, koma m'mawa ndikuvala nsapato osagwira khoma.

Mwezi wa August ndinaperekeza amayi kumudzi. M'basi ndinanyamula ndowa 3 za malita 10 zimene ndinagula mumsika. Titafika ndinapeza mwana wa mchemwali wanga, wa zaka 9, akuchokera ku mjigo ndi ndowa ya malita 20 pamutu, khosi litalowa m'mapewa, madzi akumutayikira kumaso. Ndinamutula, n'kumupatsa yaing'ono. Mchemwali wanga sanakondwe. Anati, "Achemwali, mukufuna mwanayu akule waulesi? Ife tinakula bwanji?" Ndisanayankhe, amayi anatulutsa envelopu ya khaki ija m'chikwama mwawo, nasolola chithunzi, nachigwira kudzuwa. Anamuonetsa njerwa yophwanyika ija ndi chala, monga anachitira pazenera kwanga. "Tinakula chonchi," anatero.

Madzulo ake tinakhala pa mphasa ndi matumba a chimanga chopita kuchigayo. Amayi analamula kuti lililonse ligawidwe pawiri, ndipo limene silinagawidwe alinyamule anthu awiri, wina uku wina uku, pakuti mutu umodzi susenza denga. Mwana uja anapita ku mjigo kawiri ndi kandowa kake. Ulendo wachiwiri anabwera akuimba, dzanja limodzi lili lende, ndipo amayi, atatsamira ndodo yawo pakhonde, anamuuza kuti athire mumtsuko wa kukhitchini.